Mbiri imene ndinawerenga pa manda a amalume

Kwathu, mbali ya ku Ntengo-Wambalame, munthu saikidwa m'manda mbiri yake isanawerengedwe. Bokosi likafika kumanda, nyimbo zikatha, wachibale mmodzi amaimirira ndi pepala n'kunena kumene malemuyo anabadwira, zimene anachita, ana amene wasiya ndi udindo umene anali nawo mu mpingo. Anthu amatchera khutu pamenepa kuposa pa ulaliki. Ulaliki anaumva kale pa maliro ena, koma mbiri ndi imene imaonetsa ngati banja likumudziwa ndi kumulemekeza munthu wake.

Amalume aakulu, alongo awo a amayi anga, anamwalira mu Junyu chaka chatha, nthawi imene kuno kumazizira mpaka madzi a m'ndowa amaluma mano. Ntchito yolemba mbiri inagwera ine. Sikuti ndine wanzeru. Kungoti pabanja pathu ndine ndekha amene ndinamaliza setima, kalasi yachisanu ndi chiwiri, pa sikola ya m'mudzi mwathu, ndipo ndili ndi kaderino yolembamo ndi kaneta yolembera zimene ndimasunga m'thumba la pulasitiki. Chinanso, aliyense amadziwa kuti pakamwa panga sipatuluka mawu oti ayi. Ndili wamng'ono, mayi wina anandipatsa mbatata yosapsa, ine ndinaidya yonse, ndinathokoza, ndipo atandifunsa ngati ndikufuna ina ndinavomera. Ndi mmene ndilili.

Amayi anandiitanira kuseri kwa nyumba, maso ali ofiira.

"Iwe, ulembe mbiri ya amalume ako. Maliro ndi mawa masana."

"Ndilembe chiyani, amayi?"

"Zimene ukudziwa."

Ndinakhala pa mtondo wogubuduzika pafupi ndi khola la mbuzi n'kuyamba kulemba zimene ndinkadziwa. Amalume anabadwira m'mudzi mommuno. Nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi ndi akazi awo ndi mwana mmodzi. Nkhondo itatha anabwerako okha, ndipo sanakwatirenso. Ankalima kamunda ka mbatata ya kachewere ndi nyemba, kongokwanira iwo eni. Anali Mkhristu. Nditafika pamenepo kaneta inaima. Ndinawerenga mizere, inali isanu. Pepala lonse pansi pake linali mbee.

Ndinayesa kukumbukira za ku tchalitchi, koma kumeneko amalume analibe udindo uliwonse. Ankakhala pa mpando wa kumbuyo pafupi ndi chitseko, chipewa pa bondo. Poimba ankatsalira m'mbuyo, moti ife tikamaliza ndime iwo amakhala akadali pakati. Sanalalikirepo, sanatsogolerepo pemphero pagulu.

Panali chinthu chimodzi chimene mudzi wonse unkawadziwa nacho. Pakati pa mudzi wathu ndi tsidya, kumene kuli sikola, tchalitchi ndi manda, pali kamtsinje. M'chilimwe mwana amatha kukalumpha m'malo ena, koma dzinja kamadzaza n'kumakokolola mbuzi. Pamenepo pali ulalo wa mitengo itatu ya bulugamu, yomangidwa ndi timitengo topingasa. Chaka ndi chaka, mvula isanagwe, amalume ankapita ndi nkhwangwa kukachotsa mtengo wofumbwa n'kuikapo wina. Madzi akautenga mu Janeiro, ankauyambanso. Palibe anawatuma, palibe ankawalipira. Anyamata ankawaseka, akawaona ndi nkhwangwa paphewa ankati, "Injinyero wapita ku ntchito." Ine sindinkaseka mokweza, koma ndinkamwetulira kuti anzanga asandione ngati wachilendo.

Ndinawawerengera amayi mizere isanu ija. Iwo sadziwa kuwerenga, koma khutu lawo silitaya kanthu.

"Ndi zomwezo," anatero. "Wonjezera za ulalo."

"Chabwino, amayi."

Ndinawonjezera mzere wachisanu ndi chimodzi, koma mtima sunakhazikike. Ndinamvapo mbiri za anthu ena zodzaza masamba awiri: ana khumi, zidzukulu zosawerengeka, ng'ombe, nyumba ya malata, zaka zambiri pa ukulu wa mpingo. Ku kalasi ya ubatizo anatiphunzitsa kuti Mulungu analenga munthu kuti amulemekeze ndi moyo wake. Yankho limeneli ndinaliloweza bwino, ndipo tsiku lofunsidwa ndinalinena osaphonya. Koma m'mutu mwanga ulemu umenewo unali chinthu chimene chiyenera kudzaza pepala. Ndinayamba kuopa kuti ndikawerenga timizere tangati, anthu adzati amalume anangodya nsima padziko pano n'kumapita, ndipo mwina ndi Mulungu yemwe adzaona kuti zachepa.

Madzulo dzuwa lisanalowe tinamva mota, njinga yamoto, ikubwera. Anali amalume aang'ono, amene amakhala ku Furancungo kumene ali ndi kagolosale ndipo amagulako fodya kwa alimi. Atalira m'nyumba ya siwa n'kutuluka, anafunsa amene akulemba mbiri. Anthu anandiloza. Anatenga kaderino yanga, anaiyang'ana ataitalikitsa ndi maso.

"Mphwanga, imeneyi ndi mbiri kapena ndi mndandanda wa zokagula ku msika?"

"Ndi mbiri, amalume."

"Mawa kubwera anzanga ochokera ku Furancungo. Ukufuna akanene kuti mkulu wanga anali munthu wamba? Ndipo ichi n'chiyani, ulalo? Ukufuna anthu aseke pa maliro?"

"Ayi, amalume."

"Fufuta. Lemba kuti anali mlimi wamkulu amene anaphunzitsa anthu ambiri ulimi wa kachewere."

"Koma amalume, kamunda kawo kaja..."

"Iwe sanakuphunzitse kukwezera mbatata?"

"Anandiphunzitsa."

"Ndiye iwe si munthu? Lemba. Ulembenso kuti analera ana amasiye."

"Ati, amalume?"

"Bambo ako ali moyo?"

"Ayi."

"Sunadyepo kwa mkulu wanga?"

"Ndinadyako."

"Lemba."

Ndinafufuta za ulalo n'kulemba zonsezo. Vuto langa ndi lakuti ndimamvera amene wayankhula pomalizira. Amayi anali m'nyumba ya siwa, amalume anali pamaso panga, ndiye amalume anapambana.

Nkhani itamveka kuti mbiri ikulembedwa kuseri kwa khola, anthu anayamba kubwera mmodzimmodzi ngati kuchigayo. Mayi wina wa m'kwaya anati ndilembe kuti malemu ankakonda kuimba ndipo anali mzati wa nyimbo mu mpingo. Ndinalemba. Bambo wina, amene anakangana ndi amalume zaka zambiri pa nkhani ya malire a munda, anati ndilembe kuti malemu sanakanganepo ndi mnansi wake aliyense, makamaka pa za malire. Ndinalemba. Pofika m'mawa mwake ndinali ndi masamba atatu. Kuti zikome ndinathiramo mawu achipwitikizi amene ndinawamva kwa purofesolo, mphunzitsi wathu, pa tsiku lotsekera sikola, kuti amalume anali "homem de grande visão", munthu woona patali. Ndinakayeserera kuwerenga kuseri kwa nkhokwe. Mbuzi ziwiri zinandimvetsera mpaka pamapeto, ndipo ndinaona ngati zakhutira.

Kunena zoona, ndinkanyadira. Ndinkaganiza kuti ndawaveka amalume suti imene sanaivalepo ali moyo. Amayi sindinawawerengerenso. Ndinadziuza kuti ali pa chisoni, si bwino kuwavutitsa. Chenicheni n'chakuti ndinkaopa funso lawo.

Masana tinanyamuka ndi bokosi. Njira ya kumanda imadutsa pa ulalo uja, ndipo pamenepo gulu limachepa, anthu amawoloka awiriawiri. Onyamula bokosi anaima kaye kuti asinthane mapewa. Mmodzi wa adzukulu, amene amakumba manda ndipo mwambo umawalola kuseka ngakhale ena akulira, anali atabwera kudzatichingamira, dothi lili m'miyendo.

"Pondani bwino," anatero. "Mwini wake ali pamapewa panupo. Mukauthyola akonza ndani?"

Anthu ena anaseka pang'ono. Ine ndinagwira thumba la malaya mmene munali mapepala anga, n'kuwoloka osayang'ana pansi.

Kumanda, nyimbo zitatha, mkulu wa mpingo anandikodola. Ndi bambo wokalamba wa mandala okhuthala, yemweyo amene anatiphunzitsa ku kalasi. Ndinaimirira pafupi ndi mulu wa dothi. Mawu anga anatuluka ang'ono ngati a mwanapiye. Za kubadwa ndi za ku Malawi zinayenda bwino, anthu anali chete. Kenaka ndinafika pa mlimi wamkulu amene anaphunzitsa anthu ambiri.

Mdzukulu uja anali atatsamira khasu lake kumbuyo kwanga. Sanakweze mawu, koma onse anamva.

"Anzanga, tatsegulani bokosilo tione. Mwina tanyamula munthu wina."

Ndinamva anthu akutsokomola, kutsokomola kwa munthu amene akubisa chiseko. Ndinapitiriza, chifukwa kuima pakati kumafunanso kulimba mtima, ndipo ine ndinalibe. Nditatchula ana amasiye, mdzukulu wina anati, "Aimirire tiwaone." Nditatchula mzati wa nyimbo, amayi a m'kwaya anaphimba pakamwa ndi zitenje, kuphatikizapo amene anandiuza kuti ndilembe. Pa za malire, bambo uja anagwedeza mutu movomereza yekhayekha pagulu lonse. Chipwitikizi changa ndinachinena mothamanga ngati ndikuwoloka pa makala. Amalume aang'ono okha ndi anzawo a ku Furancungo ndi amene anaima mwaulemu, manja kumbuyo.

Nditamaliza ndinayang'ana kumene kunakhala azimayi. Amayi sanaseke, sanalirenso. Ankangoyang'ana bokosi. Kumanda azimayi ofedwa sayankhula, koma iwo anayankhula, motsitsa, ngati akuuza chitenje chawo.

"Achimwene anga sanatchulidwe."

Mayi amene anakhala pafupi nawo anabwereza mawuwo kwa wina, winayo kwa wina, mpaka anafika kwa mkulu wa mpingo. Iye anavula mandala, anawapukuta, anawavalanso. Ndinkafuna dzenje lija likanakhala langa.

"Mwana wathu wawerenga bwino," anatero. "Munthu amene wamuwerengayu ndikanakonda kukumana naye. Koma mayi ako akuti amalume ako sunawatchule. Pinda mapepalawo, uike m'thumba."

Ndinapinda.

"Tsopano tiuze zimene unaona ndi maso ako. Ife tidikira, malemu sakuthamangira kulikonse."

Popanda pepala ndinalibe pobisala, ndipo panalibe wondiuza zonena. Ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga n'kuyamba ndi chimene chinabwera.

Ndinati ndili mu kalasi yoyamba, madzi anatenga ulalo usiku wa Lamulungu, ndipo Lolemba amalume anaima m'madzi ofika m'chiuno kuyambira m'mawa, kutiwolotsa ana a sikola pamsana mmodzimmodzi. Ine anandiwolotsa kawiri chifukwa ndinaiwala kaderino kunyumba. Ndinati mitengo ya ulalo ankadula pa bulugamu wawo, amene anthu ena amagulitsa. Ndinati tsiku lina anandiitana kuti ndiwagwirire mtengo, ndipo ndinawafunsa kuti amawalipira ndani. Iwo anati, "Gwira uko, usiye kuyankhula." Ndinati azimayi opita ku chipatala ndi mimba, ana a sikola, anthu opita ku mapemphero, ngakhale oledzera obwerera kwawo, onse ankadutsa pamenepo. Ndinati anyamata ankawatcha injinyero powaseka, ndipo ine ndinkamwetulira nawo. Ndinalekeza pamenepo.

Palibe anatsokomola. Mdzukulu uja anachotsa chigongono pa khasu.

"Ameneyo ndiye tamukumbira," anatero.

Amayi anayamba kulira, kulira kwenikweni kumene sanalire kuyambira m'mawa, ndipo azimayi ena anawathandiza.

Ulaliki wa tsiku limenelo unali waufupi, mwina chifukwa ine ndinadya nthawi yambiri ndi masamba anga atatu. Mkulu wa mpingo anati Baibulo limatiuza kuti Mulungu ataumba munthu woyamba ndi dothi, sanamupatse mpando kapena dzina la udindo. Anamuika m'munda kuti aziulima ndi kuusamala. Anati aliyense Mulungu amamuika penapake, pali kanthu koti asamale ndi anthu oti awakonde, ndipo malemuwa anawaika pa kamtsinje. Anati Ambuye wathu analonjeza kuti ngakhale chikho cha madzi chopatsa wamng'ono sichidzaiwalika, ndiye iye sakukhulupirira kuti mitengo ya zaka zonsezi yaiwalika. Kenaka anafunsa kuti amene sanaponde pa ulalo pobwera kuno akweze dzanja. Palibe dzanja linakwera, ngakhale la amalume aang'ono, amene mota yawo inali itakankhidwa pomwepo.

Pobwerera mkuluyo anandipeza ndikuyenda ndekha kumbuyo kwa gulu.

"Mwanawe, paja ku kalasi ndinakufunsa kuti Mulungu analengeranji munthu. Unayankha chiyani?"

"Kuti amulemekeze ndi moyo wake, abambo."

"Unakhoza. Ndipo yankholo linkadutsa pakhomo panu chaka chilichonse ndi nkhwangwa paphewa, iwe osalipatsa moni."

Ndinati, "Inde, abambo," monga ndimanenera kwa aliyense. Koma ulendo uno ndinamva manyazi a mtundu wina, osati ongoopa maso a anthu.

Amalume aang'ono sanandiyankhule mpaka tsiku lonyamuka. Akumanga katundu pa mota anati, "Mphwanga, unandichititsa manyazi pamaso pa alendo." Ndinapepesa. Amayi atandifunsa chifukwa chimene ndinachotsera za ulalo, ndinapepesanso. Sabata imeneyo ndinapepesa kwa anthu ambiri, ena mwa iwo sanadziwe n'komwe chimene ndikupepesera. Mapepala atatu aja amayi anakulungira mbewu ya nyemba, ndipo anagwira ntchito imeneyo bwino.

Miyezi inapita. Mu Novembala mitambo itayamba kusonkhana kumapiri, mtengo wa pakati pa ulalo unayamba kulira munthu akaponda. Aliyense ankati, "Ulalowu ugwetsa munthu," n'kuwoloka, n'kumapita. Inenso ndinkatero. M'mawa wina ndikutuluka m'nyumba ndinapeza nkhwangwa ya amalume itatsamira pakhomo langa. Amayi ankasesa pabwalo, sanandiyang'ane.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinamva kuitana kwa Mulungu mumtima. Mwina kunalipo, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinalephera kukana ngakhale nkhwangwa. Ndinadula bulugamu, ndinapempha anyamata awiri kuti andithandize kukoka, ndipo ndinadabwa kuti anavomera. Amalume ankasema mtengo mbali imodzi kuti ukhale bata pa miyala. Ine zimenezo sindinazione, chifukwa zaka zonse zija ndinali wotanganidwa ndi kumwetulira. Ndinauika wobulungira. Woyamba kuuyesa ndinali ine, ndipo unagubuduzika n'kundiponya m'matope pamaso pa ana a sikola amene ankadikira kuwoloka. Kamtsikana kena kanafunsa mwaulemu ngati injinyero watsopano wavulala.

Ndinausema tsiku lotsatira. Mu Janeiro madzi anatenga ulalowo, ndinauyambanso. Ulendo wachiwiriwu unakhala wokhota pang'ono, koma mpaka lero ulipo. Dzina lija landikakamira, ndipo amene amalitchula kwambiri ndi anzanga omwe ndinkamwetulira nawo. Sindinganene kuti ndapeza chimene Mulungu anandilengera. Ndikadali wamng'ono, ndipo amalume aang'ono akuti ndipite ku Furancungo ndikawathandize m'golosale. Ndinawayankha kuti ndiganiza kaye. Kwa ine amenewo ndi mawu aukali kwambiri amene ndinanenapo kwa munthu wamkulu, ndipo nditawanena ndinatuluka thukuta.

Mvula itatha ndinatenga kaderino ija n'kutsegula tsamba latsopano. Ndinalembanso mizere isanu yoyamba ija mmene inalili, osawonjezera ng'ombe kapena chipwitikizi. Pansi pake ndinalemba wachisanu ndi chimodzi, kuti kuyambira pamene anabwera ku Malawi mpaka chaka chimene anamwalira, ankakonza ulalo wa pa kamtsinje kuti anthu aziwoloka. Pepala linatsala loyera kuposa theka. Ndinawapeza amayi akusankha nyemba pa lichero, ndinakhala pansi n'kuwawerengera pang'onopang'ono.

Anamvetsera mpaka pamapeto, manja ali m'nyemba.

"Palibe wina wakuuza zowonjezera?"

"Palibe, amayi."

"Werenganso."

Ndinawerenganso. Anachotsa kamwala m'nyemba n'kukaponya pabwalo.

"Amenewo ndiye achimwene anga," anatero. "Usunge pabwino, mbuzi zingadye."